Nissan 1400 yopita ku Tarlton: momwe ntchito ikuyendera

Febuluwale

Galimoto yafika pabwalo. Ndi Nissan 1400 ya 1994, yoyera, ya magiya asanu. Eni ake akale ankanyamulira simenti ndi njerwa cha ku Roodepoort mpaka inafooka, ndiye ndaigula yosalira, tachita kubwera nayo pachingwe. Cholinga ndachilemba pakatoni n'kukhoma m'galaja kuti aliyense wobwera ndi nzeru zake ayambe wawerenga: pikapu iyi idzathamange mamita 402 ku Tarlton, bwalo la mipikisano ya magalimoto, osakwana masekondi 18, ndi injini yake yomweyi ya A14, ndipo Lolemba lake idzadzuke kukanyamula katundu monga mwa masiku onse. Zonse ziwiri pamodzi. Chilichonse chowonjezera liwiro koma cholanda mphamvu yosenza katundu sichilowa m'galimoto muno.

Ambirife tinakwerapo matola pa ka Datsun kotere kumudzi, koma mbiri yake si onse amaidziwa. Inayamba kugulitsidwa kuno ku South Africa mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, thupi lake lochokera ku Sunny ya ku Japan. Mu 1980 anaiika injini ya 1397 cc n'kukhala 1400, ndipo fakitale ya Nissan ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, inapitiriza kuipanga mpaka 2008 pomwe NP200 inalowa m'malo mwake. Zaka 37, thupi osasintha kwenikweni. N'chifukwa chake masipeya ake sasowa, atsopano ngakhale a kusikirapu.

Pali chinthu chimodzi chomwe chalamula dongosolo lonse la ntchitoyi. Mosiyana ndi Hilux kapena Isuzu, 1400 ilibe chasisi yapayokha. Kabini ndi bodi ya kumbuyo n'chinthu chimodzi, malata owotcherera pamodzi, ndipo mphamvu yonse ya galimoto ili m'malata momwemo. Dzimbiri likadya pansi, ladya msana. Choncho ndiyambira pansi, injini idikire.

Malichi

Ndachotsa mipando, kapeti, thanki ya petulo, injini ndi giyabokosi, thupi latsala lokhalokha pamwamba pa zitsulo zoimikira. Ndinayendetsa maginito m'mbali monse kuti ndidziwe pomwe pali lata lenileni ndi pomwe wina anamatapo fila. Munsi mwa zitseko zonse ziwiri maginito ankangogwa. Nditapala ndi gilayinda ndinapeza fila wonenepa ngati chala, kuseri kwake kuli mphako. Pansi popondera dalaivala palinso pobooka, pokhala batire padyeka ndi asidi, ndipo pomwe kabini imakumana ndi bodi, pamene madzi a simenti ankadikha zaka zonsezi, lata likungofumbutuka ukalikhudza ndi sikuludalaivala. Chondisangalatsa n'chakuti pogwira masipulingi akumbuyo ndi pamwamba pa mashokapu akutsogolo pali bwinobwino. Pakanakhala powola pamenepo, ndikanaisiya galimotoyi n'kukafuna thupi lina.

Kuwotcherera akundithandiza madala ena a kwathu ku Mangochi omwe agwira ntchito imeneyi kuno ku Joni kuyambira kalekale. Tsiku loyamba anandiletsa ngakhale kuyatsa makina mpaka titadula dzimbiri lonse kufika pachitsulo chowala. Ndinawafunsa kuti, "Madala, nanga apa pangochita timadontho tokha, sitingangopakapo mankhwala?" Iwo anati, "Aphwanga, dzimbiri lomwe mukuliona ndi laling'ono, lalikulu lili mkati. Dulani." Titadula, mkati munalidi mofiira monse.

Tikugwiritsa ntchito makina a MIG ndi waya wa 0.6 mm, zigamba zake za lata la 1 mm, kupatula m'mphepete mwa pansi momwe taika lokhuthalako. Lata lopyapyala silifuna mzere wautali wa moto chifukwa limapindika. Madala amaika dontho pano, dontho uko, kusiya kuti pazizire, kubwereranso pakati pa madontho aja, mpaka mzere wonse utalumikizana. Zimadya nthawi, ndipo magetsi akazima timangokhala n'kumadula zigamba za mawa ndi sizasi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha: tamaliza mbali ya kumanja ndipo chitseko chikutsekeka ndi chala chimodzi, zomwe zikusonyeza kuti thupi silinapotoke. Tisanadule munsimo tinawotcherera chitsulo chopingasa pakhomo kuti pasasunthe. Amene mukufuna kuchita ntchito yotere, chitsulo chimenecho musachidumphe.

Mkati mwa mphako zonse tapoperamo mankhwala a phula oletsa dzimbiri. Penti yakunja ibwera kumapeto kwenikweni, ndalama zikalola.

Epulo

Ndisanaitulutse injini mwezi watha ndinaiyeza mphamvu yopanikiza mpweya. Mwa masilinda anayi, atatu anali pakati pa 900 ndi 950 kPa, koma silinda nambala 3 inali pa 600. Nditathiramo oyilo pang'ono pabowo la pulagi nambala inakwera, kutanthauza kuti vuto ndi maring'i, osati mavavu. Kumbukirani kuti kuno n'kumtunda, Johannesburg ili pafupifupi mamita 1,750 pamwamba pa nyanja, kotero geji imawerenga motsika poyerekeza ndi ku Durban. Chofunika kuyang'ana ndi kusiyana kwa masilinda.

Tsopano injini yonse ili pabenchi. Buloko ndi yachitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu, camshaft ili m'buloko momwemo ndipo imakankha mavavu kudzera m'timitengo tachitsulo, crankshaft imagona pa maberingi akuluakulu asanu. Ndi kapangidwe kakale koma kolimba, ndipo maberingi asanuwo ndi omwe amachititsa kuti kainjini kameneka kazipirira kuzungulira kwambiri. Zomwe ndapeza: maring'i a silinda yachitatu athyoka, masilinda onse ali ndi kamzere pamwamba komwe chikhadabo chimakodwa, tcheni cha taimingi chatamuka, ndipo njira za madzi m'hedi zadyeka chifukwa ankathira madzi apampopi opanda antifreeze. Crankshaft ndaiyeza ndi micrometer, ili m'malire, ingofunika kupukuta.

Buloko ndi hedi zapita kwa a makina. Aboola masilinda ndi 0.5 mm kuchoka pa 76 mm kufika pa 76.5 mm, pisitoni izingoyenda 77 mm monga kale, ndiye injini ikhala pafupifupi 1416 cc. Kusiyana kwake n'kochepa, sindikuboola pofuna mphamvu koma pofuna makoma osalala.

Meyi

Mwezi uno ntchito yamanja yachepa podikira a makina, koma mkangano ndiye unalipo. Mlamu wanga anabwera ndi anzake kudzaona, ndipo onse mawu awo ndi amodzi: tayani A14 imeneyi, ikani SR20 ya Nissan, kapena 4A-GE ya Toyota, kapena 13B ya Mazda ija yopanda mapisitoni. Anati, "Alamu, mukuvutikiranji ndi 47 kW pomwe kusikirapu kuli injini zowirikiza kawiri?" Sakunama. Ma 1400 othamanga kwambiri kuno ambiri ali ndi injini zimenezo, ndipo ndikawaona ndimaima n'kuwasirira.

Mlamu anawonjezanso kuti hot rod, mwambo wosandutsa magalimoto akale kukhala othamanga, inayambira pa kusintha injini komweko, ndipo apanso akunena zoona. Anyamata a ku California m'zaka za m'ma 1930 ankatenga Ford Model T kapena Model A, kuchotsa zonse zolemera, ndipo V8 ya Ford yomwe inatuluka mu 1932 itayamba kupezeka motchipa ankaiika m'matupi opepukawo n'kukapikisana panyanja zouma monga Muroc ndi El Mirage. Mu 1937 anakhazikitsa Southern California Timing Association kuti nthawi iziyezedwa mwadongosolo, ndipo mu 1951 Wally Parks anayambitsa bungwe la mipikisano la NHRA pofuna kuchotsa mipikisano m'misewu ya anthu. Koma chomwe ine ndimatolapo pa mbiri imeneyi n'china. Anyamata aja ankagwira chomwe chinali pafupi ndi chotsika mtengo, ndipo ambiri galimoto yomwe ankathamangitsa Lamulungu ndi yomweyo ankapitira kuntchito. Kuno kwathu chapafupi ndi chotchipa ndi A14. Gasiketi yake ndimaipeza m'sitolo iliyonse ya masipeya, ndipo makaniko wa ku Dedza kapena ku Tete angaikonze pansi pa mtengo ikadzafera panjira yopita kumudzi.

Palinso masamu ake. Injini yamphamvu kawiri imafuna difu ina, giyabokosi ina, mabuleki ena, rediyeta ina, pampu ya petulo ndi kompyuta yake. Ukasintha injini nambala yasintha, ndiye uyambe kuyendera chilolezo cha apolisi ndi kusinthitsa mapepala. Ine buloko ndi yomweyo, nambala ndi yomweyo.

Chachikulu koposa ndi mtundu wa mpikisano womwe ndikufuna kulowa, wa bracket. Mmenemo aliyense amaneneratu nthawi yomwe galimoto yake ithamange n'kuilemba pagalasi. Wochedwa amayatsiridwa nyali yonyamukira poyamba, wothamanga amadikira kusiyana kwa nthawi zawo, kotero kuti onse akachita monga analonjezera amafika limodzi. Ukathamanga kuposa nthawi yomwe unalemba, wagonja. Wopambana ndi amene amanyamuka pa nthawi yake ndiponso amene galimoto yake imabwereza nthawi imodzimodzi ulendo uliwonse. Pamenepo galimoto ya masekondi 18 ingathe kugonjetsa ya masekondi 12. Zimenezi zimandikoka mtima kwambiri, chifukwa chopikisana ndi ntchito yamanja ndi kuidziwa galimoto yako, osati kukula kwa thumba.

Juni

Zabwera kuchokera kwa a makina. Hedi aipala pang'ono kuti ikhale yosalala ndi kukweza mphamvu yopanikiza, mipando ya mavavu aidula makona atatu, ndipo njira za mpweya ndazisalaza ndekha, kungochotsa zokhakhala za kufakitale osazikulitsa. Njira zikakula kwambiri mpweya umayenda mwaulesi injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo pikapu yosenza katundu imakhalira komweko. Mapisitoni, makonirodi, crankshaft ndi flywheel azilinganiza kulemera. Flywheel aipepuza pang'ono chabe. Yopepuka kwambiri imakoma pa mpikisano, koma kunyamuka pachitunda uli ndi firiji kumbuyo imazimitsa injini.

Camshaft ndasankha ya madigiri 272, nambala yosonyeza kutalika kwa nthawi yomwe mavavu amakhala otseguka. Ya 288 inandikopa, koma mphamvu yake imayambira pamwamba kwambiri ndipo pa maloboti injini imangonjenjemera. Chenjezo kwa omanga A14: timatappet take, tizitsulo tokhala pakati pa camshaft ndi timitengo tija, tili ndi mutu wotambalala kunsi, timalowera pansi pa buloko, choncho tiyenera kulowa camshaft isanalowe, buloko itazondoka. Camshaft yatsopano imafunanso timatappet tatsopano kapena topalidwanso, apo ayi zidyana.

Ring'i iliyonse ndinailowetsa m'silinda yake n'kuyeza mpata wake ndisanaiveke papisitoni. Maberingi ndayeza ndi kaulusi kapulasitiki kaja kophwanyika. Mabawuti a hedi ndamanga m'magawo kuyambira pakati kupita kunja mpaka 72 Nm, mwana wanga wamkulu akundiwerengera ndondomeko m'buku. Wayamba kufunsa mafunso anzeru, ndipo pulagi iliyonse akudziwa kale waya wake: 1, 3, 4, 2.

Julayi

Yalira. Tinayamba taizungulitsa popanda mapulagi mpaka nyali ya oyilo itazima, kenaka mapulagi mkati, kiyi kamodzi kawiri, injini n'kudzuka. Camshaft yatsopano siifuna kuti injini izilira pansipansi poyamba, ndiye tinaigwira pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) kwa mphindi 20, ndi oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, wina maso pa geji ya kutentha, wina akusuzumira pansi kuona ngati pakudontha. Itatentha ndinatchera mavavu pa 0.35 mm, oyilo uja n'kutaya pamodzi ndi fyuluta yake.

Kabuleta ndaika Weber 32/36. Ili ndi makomo awiri, la 32 mm lomwe limagwira ntchito nthawi zonse ndi la 36 mm lomwe limatseguka ukaponda kwambiri. Poyenda m'tauni imamwa petulo mwaulemu, ukaponda mpaka pansi kukamwa konse kumatseguka. Ma Weber awiri a 40 DCOE, aja ogona chammbali, kulira kwake kumafika mumtima, ndipo ndikudziwa kuti akanandipatsa mphamvu yoposa. Koma amafuna kuwalinganiza pafupipafupi ndipo petulo amamwa mosaumira. Katoni ya pakhoma ija yawakana.

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Kabuleta yatsopano imabwera ndi majeti, timabowo todutsa petulo, oyenera m'mphepete mwa nyanja. Kuno mpweya ndi wopepuka, umapanikiza pafupifupi 83 kPa pomwe ku Durban ndi 101 kPa, ndiye injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Mpweya wachepa koma jeti ikuthirabe petulo wa ku Durban, zotsatira zake mapulagi akuda bii, utsi wonunkha ndi injini yolemera. Ndinapita nayo pa dyno, makina oyeza mphamvu ya injini, anaika kachipangizo koyeza mpweya mu ekizosi, tinatsitsa majeti pang'onopang'ono mpaka zitagwirizana, taimingi n'kuitchera pa petulo wa 95. Ndalama ya tsiku limenelo sindikuidandaula ngakhale pang'ono. Ndikadzatsikira nayo kunyanja ndidzafunika kubwezeretsa majeti aakulu, chifukwa petulo akachepa kwambiri mapisitoni amapsa. Majetiwo ndawasunga m'kabotolo m'galimoto momwemo.

Hedi ya A14 imalowetsa ndi kutulutsa mpweya mbali imodzi, kotero kabuleta imakhala pamwamba penipeni pa mapaipi a ekizosi. Ndaika mapaipi a 4-2-1, anayi olumikizana kukhala awiri kenaka imodzi, omwe amathandiza mphamvu yapakati, koma kutentha kwake kunkawiritsa petulo m'kabuleta ndikaimitsa galimoto, kuilizanso n'kukhala kovuta. Ndadula lata la aluminiyamu lotchinga pakati, pansi pa kabuleta n'kuikapo kathabwa kosalola kutentha. Vutolo latha. Distributor yakale inali ikugwedera, ndaika ina yopanda mapointi.

Panopa ndikuiyendetsa modekha mpaka itakwanitsa makilomita 1,000 kuti maring'i akhazikike.

Ogasiti

Mabuleki onse ndi atsopano: madisiki ndi mapadi kutsogolo, nsapato ndi timasilinda kumbuyo, mapaipi a labala onse, mafuta a DOT 4. Palibe chokambirana pamenepa.

Kumbuyo ndiye kwandidyera nthawi. Pikapu yopanda katundu ndi yopepuka kumbuyo, ndipo ukasiya kilatchi mwamphamvu ekiselo imafuna kuzungulira mobwerera, masipulingi amapindika kenaka n'kuwongoka mwadzidzidzi, matayala n'kumadumphadumpha. Kudumpha kumeneko kumathyola difu. Anyamata ambiri amachotsa masamba ena a sipulingi kuti galimoto itsike, ndipo vutolo limakula, katundunso osanyamulika. Ine masamba onse ndawasiya. Madala andiwotcherera zitsulo ziwiri zogwira ekiselo pansi pa masipulingi kuti isapotoke, mashokapu ndaika a gasi, malabala onse atsopano. Batire yasamukira kumbuyo kwa kabini m'bokosi lomangidwa ndi mabawuti, kuti kulemera kwake kuthandize matayala akumbuyo. Difu ndinaitsegula n'kuwerenga mano, 37 pa 9, ndiye kuti 4.11. Matayala ndi 175/70 R13.

Yadutsa poyeza magalimoto, mapepala ali m'manja. Mayeso enieni anabwera Loweruka lapitali pomwe mayi ena a kutchalitchi kwathu anandipempha kuti ndiwaperekere katundu kwa a thiransipoti opita ku Lilongwe: firiji, matiresi awiri ndi zikwama zazikulu zija. Inanyamuka pamaloboti a pachitunda osadandaula, geji ya kutentha osasuntha. Theka la zomwe zili pakatoni lakwaniritsidwa.

Seputembala

Tarlton International Raceway ili kumadzulo kwa Krugersdorp ndipo inatsegulidwa mu 1978. Ndinapita tsiku lomwe amalola magalimoto oyenda mumsewu. Asanakulole kulowa amayendera galimoto: chisoti, malamba, batire yomangidwa bwino, botolo lolandira madzi osefukira a rediyeta, ndipo pansi pasadonthe kanthu. Oyilo akadonthera panjira amaimitsa aliyense. Ndimayamikira kukhwima kumeneku. Mipikisano ya usiku m'misewu ya m'tauni sindigwirizana nayo m'pang'ono pomwe, chifukwa woyenda pansi sanavomere kulowa nawo, pomwe kuno kuli makoma, ambulansi ndi malo okwanira oimira.

Poyambira pali mtengo wa nyali. Umasendera pang'onopang'ono mpaka tayala lakutsogolo litadula kuwala koyamba, kanyali kapamwamba n'kuyaka, kusenderanso pang'ono kachiwiri n'kuyaka. Kenaka nyali zachikasu zitatu zimatsika, yobiriwira n'kutsatira. Ukadikira kuti uone yobiriwira wachedwa kale, umayenera kusiya kilatchi yachikasu yomaliza ikangoyaka. Ukafulumira kwambiri yofiira imayaka, ndipo wagonja usanapite kulikonse.

Ulendo woyamba ndinanyamuka pa 4,500 rpm, matayala anangozungulira pamalo amodzi, kapepala kosonyeza nthawi kanati masekondi 18.6. Ndinatsitsa mpweya wa matayala akumbuyo kufika 1.6 bar ndi kunyamuka pa 3,500 rpm, kilatchi kuisiya mwachangu koma osaitaya. Nthawi ya mamita 18 oyambirira inatsika kuchoka pa 2.6 kufika pa 2.4, ndipo mapeto ake kapepala kabwino kwambiri kanati 18.1 pa liwiro la 120 km/h. Matayala sanadumphe, zitsulo za madala zagwira ntchito. Chomwe chinandikondweretsa koposa n'chakuti maulendo omalizira anali kusiyana ndi kachigawo kamodzi pa khumi ka sekondi, ngakhale dzuwa linali litakwera. Kwa bracket, imeneyo ndiye galimoto yofunika. Koma pakatoni palembedwa kuti osakwana 18, ndipo sitinafike.

Okutobala

Ndakhala pansi ndi timapepala tija ndipo ndaona pomwe nthawi ikutayikira. Ndimasintha giya pa 6,200 rpm. Giya yachitatu imafika pamenepo mzere womaliza utatsala pang'ono, ndiye ndimakakamizika kulowa yachinayi, yomwe ndi 1:1. Tayala la 175/70 R13 ndi lalitali pafupifupi 575 mm, kuzungulira kamodzi limayenda mamita 1.8. Pa 120 km/h limazungulira pafupifupi 1,107 pa mphindi, kuchulukitsa ndi 4.11 zikupereka 4,550 rpm. Pamenepo camshaft iyi sinafike pachimake, kotero ndimataya nthawi posintha giya, kenaka giya yomwe ndalowayo siikokanso mokwanira.

Njira zilipo ziwiri. Ndingaike masipulingi olimba a mavavu kuti ndizikoka yachitatu mpaka mzere, koma kumeneko n'kuifinya injini yomwe Lolemba ili ndi ntchito. Kapena ndifupikitse tayala. La 175/50 R13 ndi pafupifupi 505 mm, ndipo pa liwiro lomwelo injini ikhala pa 5,180 rpm mu giya yachinayi, magiya onse n'kufupika, kunyamukanso n'kukhala kopepuka. Ndasankha yachiwiriyi. Ndapeza malimu awiri kusikirapu, ndipo matayala afupiafupiwo azikwera kumbuyo ngati katundu popita, kukavala komweko, pobwerera aatali n'kubwerera m'malo mwake. Matayala afupi sangasenze firiji ndipo sindiwayesa n'komwe. Chodetsa nkhawa n'chakuti mwina azizungulira pamalo ponyamuka, ndiye rpm yonyamukira iyenera kufufuzidwanso.

Kilatchi inanunkha pang'ono ku Tarlton. Giyabokosi ituluka Loweruka likubwerali kuti ndiike mbale yopanikiza yolimbako, ndipo pomwepo ndisintha silo yoletsa oyilo kudontha ya kumbuyo kwa crankshaft yomwe yayamba kuchita chinyezi. Nyengo yotentha yafika ndipo mpweya wotentha umachepetsanso mphamvu, choncho ulendo wotsatira ndidzakhala pamzere m'mamawa, ndi matayala afupi, thanki ili ndi petulo wa kota, chitseko chakumbuyo ndi tayala lapadera zitatsala kumalo oimikira.